Kabokosi Kanga Kotsuka Nyimbo

Matenda anga anayamba ndi manambala awiri, 1,411 ndi 128. Ndinawapeza pa intaneti usiku wina tulo titandithawa. Ankati nyimbo ya pa CD imayenda makilobiti (muyeso wa kuchuluka kwa deta) 1,411 pa sekondi, pomwe MP3 wamba, ya mtundu umene unadzaza m'foni mwanga, imayenda 128 basi. Ndinawerengetsera chamumtima, yankho lake n'kundidzutsa pabedi. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumva gawo limodzi lokha mwa magawo 11 a nyimbo iliyonse? Magawo khumi enawo akudya ndani?

Ndinagwedeza mayi a kunyumba.

"Mukudziwa kuti anthu akhala akutibera nyimbo?"

"Gonani, bambo," anayankha osatsegula n'komwe maso. "Mukawagwire kukacha."

Kutacha sindinagwire munthu, koma ndinawerenga ngati ndili ndi mayeso. Ndinaphunzira kuti CD anaibweretsa ndi a Sony ndi a Philips mu 1982, ndipo kuti imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, muyeso uliwonse n'kuusunga m'mabiti 16. Ndinaphunziranso kuti pamwamba pa CD pali chinthu china chotchedwa hi-res, chomwe chimayeza maulendo 96,000 kapena 192,000 pa sekondi, m'mabiti 24. Munthu ukangomva kuti kwinakwake kuli 192,000, nambala ya 44,100 imayamba kukuchititsa manyazi. Za 128 ndiye osanena. Ndinkayang'ana foni yanga ndi diso limene munthu amayang'ana nalo mnzake amene wam'namiza kwa zaka.

Akatswiri a pa intaneti anagwirizana pa chinthu chimodzi: munthu wofuna kumva nyimbo zenizeni ayenera kukhala ndi DAC, kabokosi kosandutsa manambala a m'kompyuta kukhala mawu. Ndinakagula. Kanali kakang'ono, kolemera bwino m'manja, kachitsulo kozizira, ndi kagetsi kamodzi kutsogolo. Ndinagulanso mahedifoni akuluakulu ophimba khutu lonse. Mtengo wa zinthuzi sinditchula, chifukwa mayi a kunyumba nawonso amadziwa kuwerenga. Mahedifoniwo ndinasankha opanda waya, poti ine ndikamamvera nyimbo sindikhala pansi, ndimazungulira m'chipinda ndikutsogolera oyimba ndi manja. Kabokosiko ndinakalumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB, ndinakaika kuseri kuti fumbi lisakapeze, ndinaona kagetsi kake kayaka, mtima n'kukhala m'malo. M'mutu mwanga nkhani inali yomveka: nyimbo izituluka m'kompyuta, izilowa m'kabokosi, izitsukidwa, kenako izibwera kwa ine itayera.

Kenako ndinayamba kudawuniloda. Nyimbo ya mphindi zinayi ikakhala MP3 ya 128 imadya malo osakwana bwino 4 MB. Nyimbo yomweyo ya 24-bit ndi 192 kHz (maulendo 192,000 aja pa sekondi), yosapanikizidwa, imapitirira 270 MB, ndipo ngakhale itaikidwa mu FLAC, yomwe imachepetsa fayilo popanda kutaya kanthu, imakhalabe yoposa 100 MB. Bandulo ya intaneti inkatha ndisanamalize chimbale chimodzi. Kompyuta itadzaza ndinasamutsa zithunzi za banja kuziika pa kafulashi kena kake. Kumene kuli kafulashi kameneko ndi mlandu wina, ndipo sunazengedwebe.

Tsiku loyamba kumvera ndinazimitsa magetsi, ndinavala mahedifoni, ndinatsinzina. Abale anga, misozi inatsika. Ndinamva woyimba akukoka mpweya asanayambe mzere. Ndinamva zala zikutsetsereka pa nsambo za gitala. Kumbuyo kwenikweni, chakumanzere, ndinamva munthu akugogoda kachitsulo komwe sindinkadziwa kuti kamapezeka m'nyimbo imeneyo, nyimbo yomwe ndinkaidziwa kuyambira ndili mnyamata. Ndinavula mahedifoni ndili munthu wina.

Munthu winayo anali wotopetsa. Ndinayamba kulankhula chilankhulo chatsopano. Nyimbo inasiya kukhala yabwino kapena yoipa, inayamba kukhala "yofunda", "yotambasuka", "yokhala ndi mpweya pakati pa zida". Mnzanga akandiikira nyimbo pa foni yake ndinkachita tsinya ngati wandinunkhitsa chinthu, n'kumufunsa mwachifundo kuti, "Koma makutu sakukupwetekani?" Anthu anayamba kubisa mafoni ndikamafika. Wina anandiuza poyera kuti ankandikonda kale ndili mbuli.

Ndiye panafika tsiku limene alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, anabwera kudzationa. Anapeza kuti kunyumba kulinso mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wofatsa amene akuphunzira zamagetsi ku koleji. Ndinaona kuti Mulungu wandipatsa mboni ziwiri nthawi imodzi, wina woti adabwe, wina woti atsimikize mwa sayansi.

Ndinawakhazika alamu pampando wanga, n'kuwaveka mahedifoni ndi manja anga awiri.

"Alamu, iyi ndi imene mwakhala mukumva moyo wanu wonse." Ndinaika MP3. Anagwedeza mutu motsatira ng'oma.

"Tsopano gwirani mpando." Ndinaika hi-res.

Alamu anatsegula maso. "Aaa, alamu, iyiyi ndiye ina! Ikuchita kugunda pamtima."

Ndinatembenukira kwa mphwanga ndi nkhope ya munthu amene khoti lamupeza wosalakwa. Iye anali akuyang'ana pa kompyuta.

"Amalume, yachiwiriyi ikumveka mokweza kuposa yoyamba ija."

"N'chifukwa chake ndi hi-res, mwanawe."

"Ayi, amalume, mwakweza ndinu. Ndakuonani chala."

Ndinakana. Ndikukanabe mpaka lero kuti ndinachita dala. Chala chinangodziwa chokha kuti nyimbo yaulemu imafuna voliyumu yaulemu. Koma mtsikanayo anafotokoza modekha kuti khutu la munthu lili ndi chinyengo chodziwika: ukaliikira nyimbo imodzimodzi kawiri, kachiwiriko n'kukweza pang'ono chabe, ngakhale ndi decibel imodzi (muyeso wa kukwera kwa phokoso), silinena kuti "yakwera", limanena kuti "yakoma". Besi imamveka yodzaza, mawu apamwamba owala. Anati aliyense wofuna kuyerekeza mafayilo awiri moona mtima amayamba wafananitsa voliyumu, kenako n'kubisa mayina.

"Tibise mayina," ndinatero ine. Pakamwa panga pandipalamulira zambiri pa moyo wanga, koma tsiku limeneli panachita kunyanya.

Mayeso ake amatchedwa ABX, ndipo pulogalamu yomvera nyimbo ya foobar2000 ili ndi kachida kochitira zimenezi. A ndi fayilo yoyamba, B ndi yachiwiri, X ndi imodzi mwa ziwirizo koma kompyuta sikuuza kuti ndi iti. Umamvera mmene ungafunire, n'kunena ngati X ndi A kapena B, kenako imasakanizanso. Mphwanga anatenga fayilo yanga ya hi-res, napanga kuchokera pa yomweyo MP3 ya 320, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa ma MP3, n'kundipatsa mbewa ya kompyuta.

Ndinamvera A. Yofunda, yotambasuka. Ndinamvera B. Yofunda, yotambasuka. Ndinamvera X. Thukuta linayamba kutuluka m'mphepete mwa mahedifoni.

Koma mwamuna sagonja alamu ake akuona. Ndinatsinzina mwamphamvu, ndinakweza chala m'mwamba, ndipo pa ulendo uliwonse ndinkalengeza chifukwa. "Iyi ndi A, mpweya wachuluka." "Iyi ndi B, woyimba wafinyika." Pena ndinkachita kuseka ndi kuphweka kwa funsolo. Titamaliza, kompyuta inatulutsa zotsatira, ndipo ndinali nditalondola pafupifupi theka. Alamu anafunsa ngati theka ndi kukhoza. Mphwanga anawayankha mwaulemu kuti munthu wogontha, atangolotera, angapezenso theka lomwelo.

"Kabokosi sikanatenthe," ndinatero msanga. Ndinali nditawerenga kuti zida zabwino zimafuna kutenthedwa kaye. "Kakatentha mudzaona."

"Kabokosi kati, amalume?"

Ndinamulozera kuseri kwa kompyuta monyadira. Anasuzumira, anakhala chete, kenako anakatulutsa n'kukaika patebulo. Chingwe chake chinabwera chikulendewera, chosalumikizidwa kulikonse. Kagetsi kanali kozima. Pamwamba pake panali fumbi loti mwana akhoza kulembapo dzina.

M'chipindamo munangoti zii. Ndiye kuchokera pakhomo panamveka mawu a mayi a kunyumba, amene anali ataima pamenepo nthawi yonseyi manja ali m'chiuno.

"Kameneko? Ndinakazula kalekale. Ndinkafuna pochajira foni."

"Liti?" Mawu anga anatuluka opyapyala.

"Tsiku lija munandiitana kuti ndidzamve mmene kayambira kumveka bwino."

Alamu anagwa pampando. Sindikukokomeza, anatsetsereka mpaka pansi, mahedifoni a ndalama zanga ali m'khosi, akumenya simenti ndi chikhatho. Ine ndinkafufuza mawu oti ndinene koma mphwanga anali asanamalize. Anatembenuza kabokosiko n'kundionetsa kabowo kozungulira kutsogolo kwake.

"Amalume, ngakhale azakhali akanapanda kukazula, sikakanachita kanthu. Umu ndi molowetsa waya wa mahedifoni. Nyimbo imayenera kutulukira umu. Anu aja ndi a Bluetooth, nyimbo imachoka m'kompyuta n'kulunjika kumutu kwanu, kabokosi n'kumangoyatsa getsi."

Anapitiriza, ndipo chilichonse chimene ankanena chinkandichotsa chovala chimodzi. Bluetooth, anatero, ndi njira yopapatiza. Kompyuta yanga inkatumiza mawu kudzera mu SBC, njira yopanikizira mawu yomwe imafika chapa makilobiti 328 pa sekondi. Ngakhale LDAC ya a Sony, yomwe ndi yotakata kuposa zambiri, imalekeza pa 990, osafika n'komwe pa 1,411 ya CD ija. Fayilo yanga ya 24-bit ndi 192 kHz, yomwe payokha ndi makilobiti 9,216 pa sekondi, inkafika pakhomo la Bluetooth n'kudulidwa, kutayidwa zina, kupanikizidwa, ndendende zimene ndinkanyoza anzanga. Misozi yanga yonse ija ndinkalirira nyimbo yopanikizidwa.

"Nanga mpweya wa woyimba uja? Zala pa gitala? Ndinazimva ndi makutu angawa!"

"Munazimvadi. Zilimonso mu MP3. Kale munkamvera ndi chiyani?"

Mayi a kunyumba anandiyankhira. "Timahedifoni tobwera ndi foni, kamodzi kakufa, uku akukonza njinga."

Apa ndiye mtsikanayo anafotokoza chimene MP3 imataya, ndipo ndiyenera kuvomera kuti anthu a ku Fraunhofer ku Germany, Karlheinz Brandenburg ndi anzake, amene anaikonza mpaka kukhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sanali akuba monga ndinkawaganizira. Anaphunzira khutu. Phokoso lalikulu likalira, timawu tating'ono toyandikana nalo sitimveka, ndipo ng'oma ikagunda, khutu limakhala kanthawi kochepa lisanayambenso kumva zofooka. MP3 imafufuza timawu tobisika timeneti n'kutisunga mosasamala kapena kutisiya kumene, malo n'kuwapereka kwa zimene khutu likumvadi. Magawo khumi amene ndinkafuna kukagwirira anthu aja, ambiri mwa iwo sindinawamvepo chibadwire.

Ndinayesa kubisala kuseri kwa 192,000. Ndinati nambala yaikulu chonchi singakhale yopanda ntchito. Iye anatchula Harry Nyquist ndi Claude Shannon, anati lamulo lawo limanena kuti ukayeza mawu maulendo akutiakuti pa sekondi, umasunga bwinobwino mawu onse ofika theka la nambala imeneyo. CD, ndi 44,100 yake, imafika pa 22 kHz. Khutu la mwana wathanzi limalekeza chapa 20 kHz. Fayilo yanga inkafika pa 96 kHz.

"Kumeneko amamvako ndani?" anafunsa alamu akupukuta misozi.

"Mileme," anatero mphwanga.

Za mabiti 24 anati n'zothandizadi, koma kwa ojambula nyimbo mu situdiyo, kuti akhale ndi malo okweza ndi kutsitsa mawu popanda kuwononga. Kwa womvera, mabiti 16 amapereka kale mtunda wa ma decibel 96 pakati pa kachetechete ndi phokoso lalikulu. Kuti uugwiritse ntchito wonse m'chipinda wamba, ungakweze mpaka makutu kupweteka ndipo aneba angabwere ndi miyala.

Ndikanakhala wanzeru ndikanalekera pomwepo. M'malo mwake ndinatsegula fayilo yanga yapamtima, imene ndinaipeza kwaulere pa tsamba lina lomwe dzina lake ndaliiwala dala, yolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti 24/192. Ndinati imeneyi yokha aiyese, imeneyi ndi ina. Mphwanga anaiika mu pulogalamu yojambula mawu ngati chithunzi, apansi m'munsi, apamwamba m'mwamba. Mitundu yowala inakwera bwinobwino mpaka chapa 16 kHz, n'kuduka mowongoka ngati wadula ndi lumo. Pamwamba pake, mpaka ku 96, mdima wokhawokha.

"Iyi inali MP3 ya 128, amalume. Amadula chapamenepa. Wina anangoisandutsa fayilo yaikulu n'kuilemba dzina."

"Chikomekome cha mkuyu," anayamba alamu, koma analephera kumaliza chifukwa cha phwete.

Chotsiriza chinali kuyeza makutu anga enieniwo. Pali timawu ta mluzu toyezera, tokwera pang'onopang'ono. Anazimitsa mahedifoni n'kugwiritsa ntchito masipika, kuti tonse timve. Pa 8 kHz tonse tinakweza manja. Pa 12 kHz chimodzimodzi. Pa 14 ndinamva kanthu kakutali kwambiri, alamu anati palibe. Kenako mphwanga anati, "Tsopano 17." Ndinatsinzina, ndinapendeketsa mutu, n'kukweza dzanja pang'onopang'ono ngati munthu amene walandira vumbulutso.

"Ndikukamva. Kakuthwa, koma koyera."

"Sindinayatse, amalume."

Atayatsa, iye mwini anatseka makutu ndi zala, galu amene anagona pakhonde anadzuka n'kuchoka, ine ndi alamu tinangoyang'anana ngati anthu odikira basi. Anati palibe chodabwitsa, mawu apamwamba amayamba kuthawa munthu akamakula, ndipo akuluakulu ambiri sapitirira 15 kapena 16 kHz. Galu amamva kupyola 40. Mwa onse a pakhomo panga, amene akanapindula ndi mafayilo anga ndi amene sindinamuvekepo mahedifoni.

Mtsikanayo ali ndi mtima wabwino, ndipo ataona kuti malume ake atha, anandiponyera chingwe. Anapanga MP3 ina ya 64 n'kubwereza ABX. Apa ndiye ndinalondola zonse. Zitsulo za ng'oma zinkamveka ngati zikulirira m'madzi, kuwomba m'manja kwa anthu kunasanduka phokoso losadziwika. Mayi a kunyumba anayesa, nawonso analondola zonse, zomwe zinachepetsa chisangalalo changa. Mphwanga anati kupanikiza kukanyanya aliyense amamva, pa 128 ena amamva pa nyimbo zina, makamaka zokhala ndi zitsulo ndi zogogoda zakuthwa, koma pofika pa 256 kapena 320 anthu ambiri pa nyimbo zambiri amangolota. Anawonjezera kuti nthawi zina chimbale cha hi-res chimamvekadi bwino kuposa cha masiku onse, koma chifukwa choti anachikonzanso mu situdiyo mosamala, osachifinya kuti chizingophokosera, ndipo ubwino umenewo umatsalabe ngakhale utachitsitsa kukhala CD.

Ndinafunsa ngati padziko lonse palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anasiyanitsapo hi-res ndi CD maso atatsekedwa. Anandiuza za Brad Meyer ndi David Moran a ku Boston, amene mu 2007 anayesa anthu maulendo 554, olondola n'kukhala 276, pafupifupi theka lenileni. Kenako anatchula Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London, amene mu 2016 anasonkhanitsa kafukufuku 18 n'kupeza kuti anthu amalondola pafupifupi 52 pa 100 aliwonse, ndipo ophunzitsidwa kumvetsera amaposerapo.

"Mwamva?" ndinatero ndikuimirira. "52! Kusiyana kulipo! Awiri apamwambawo ndi anthu ngati ine."

"Inu amene munamva mluzu wosayatsa?" anafunsa mayi a kunyumba.

Ndinakhalanso pansi.

Pochoka, alamu anatenga kabokosi kaja n'kumakatembenuza m'manja. Anati ngakhale zili choncho n'kokongola, ndipo anapempha kuti akakayese kwawo, poti iwo makutu awo ndi achinyamata kuposa anga ndi miyezi ingapo. Ndinawapatsa ndi mtima wonse. M'mawa mwake foni inalira.

"Alamu! Mwana uja asakunamizeni, sukulu yamuzunguza mutu. Kanthu aka n'koopsa. Ndakaika pamwamba pa wailesi, ndikumva woyimba akumeza malovu!"

Ndinayang'ana patebulo. Chingwe cha USB chinali pomwepo, chitazengezedwa pa chaja ya mayi a kunyumba.

"Musafulumire, alamu," ndinawauza. "Kasiyeni katenthe kaye. Mawa ndiye mudzamva mpaka dzina la amene anasesa mu situdiyo."